Momwe mungatsatire moyo ndi mafilimu a Jan Kiepura popanda kusokonezeka

Munthu amene wangomva kumene dzina la Jan Kiepura n'kupita pa intaneti kukafufuza mafilimu ake amakumana ndi mitu yoposa 20 ya m'Chijeremani, Chifalansa, Chingerezi ndi Chitaliyana, ndipo akhoza kuganiza kuti woyimba wa ku Poland ameneyu ankatulutsa filimu yatsopano pakangotha miyezi ingapo. Zoona zake n'zakuti nkhani zimene anasewera ndi pafupifupi theka chabe la mitu imeneyo, chifukwa m'zaka zoyambirira za mafilimu okhala ndi mawu, nkhani imodzi inkajambulidwa kawiri kapena katatu, ulendo uliwonse m'chinenero china ndiponso ndi ochita sewero ena. Amene sakudziwa zimenezi amaonera filimu imodzimodzi katatu n'kumadabwa kuti bwanji nkhani za bamboyu n'zofanana chonchi. Choncho njira yabwino yomudziwira ndiyo kuyamba ndi mawu ake, kenako kuonera mafilimuwo motsata zaka zimene anatuluka, ndipo nthawi iliyonse kudziwa kuti filimu imene ili pamaso panu ndi ya chinenero chiti.

Mudziwe kaye kumene anachokera

Jan Kiepura anabadwa pa 16 Meyi 1902 mumzinda wa Sosnowiec, m'dera la migodi ya malasha ndi mafakitale kummwera kwa Poland, pa nthawi imene chigawo chimenecho chinali m'manja mwa ufumu wa Russia. Bambo ake, Franciszek, anali ndi malo ophikira buledi, ndipo mayi ake anali ochokera m'banja lachiyuda, mfundo imene iyenera kukumbukiridwa chifukwa idzamveketsa zimene zinachitika m'zaka za m'ma 1930. Anapita ku yunivesite ya Warsaw kukaphunzira zamalamulo, koma mtima wake unali pa kuyimba, ndipo anaphunzira luso limeneli kwa Wacław Brzeziński ndi Tadeusz Leliwa. Atayimba m'nyumba za opera (masewero amene mawu ake amayimbidwa) za ku Poland kwa nthawi yochepa, kuphatikizapo mbali ya Faust mumzinda wa Lwów, mwayi wake waukulu unamupeza ku Vienna mu 1926, kumene anayimba mbali ya Cavaradossi mu Tosca ndiponso ya Calaf mu Turandot. Apa m'pofunika kuima pang'ono. Turandot, opera yomaliza ya Giacomo Puccini, inaonetsedwa koyamba ku nyumba ya opera ya La Scala mumzinda wa Milan mu Epulo 1926, ndipo inafika ku Vienna mu Okutobala chaka chomwecho. Ndiye kuti mnyamata wa zaka 24, mwana wa wophika buledi, anali m'gulu la oyimba oyambirira pa dziko lonse kuyimba "Nessun dorma", nyimbo ya Calaf mu opera imeneyi, pa nsanja, nyimboyo isanakhale yodziwika kwa aliyense monga ilili lero. Chaka chotsatira anayimba limodzi ndi Lotte Lehmann pamene opera ya Erich Wolfgang Korngold yotchedwa Das Wunder der Heliane inaonetsedwa ku Vienna, ndipo pasanapite nthawi anayimbanso ku La Scala.

Mbiri imeneyi ikutiuza kuti pamene opanga mafilimu anamufuna mu 1930, sankafuna munthu wodziwa kuchita sewero. Ankafuna mawu amene anali atagonjetsa kale Vienna ndi Milan, ndipo nkhani za mafilimu ake zinkalembedwa kuti mawuwo apeze poyimbira. Aliyense woonera ali ndi maganizo amenewa sadzakhumudwa ndi kupepuka kwa nkhanizo.

Yambani ndi khutu

Musanaonere filimu ina iliyonse, patulani madzulo amodzi omvera nyimbo zake zojambulidwa pa mbale za galamafoni. Aliyense amene anayimbapo m'kwaya amadziwa tenala, mawu aamuna okwera, koma tenala wa opera amaphunzitsidwa kuyimba popanda chokuzira mawu mpaka kumveka pamwamba pa gulu lonse la zoyimbira, ndipo mphamvu ya Kiepura inali pa manotsi apamwamba amene ankawatulutsa mowala ndiponso mosaopa. Ndikulangiza kuti mumvere nyimbo za mitundu itatu motsatizana. Yambani ndi ya Chitaliyana, monga "Nessun dorma" kapena "E lucevan le stelle" ya mu Tosca, kuti mumve zimene anthu a ku Vienna anamva. Kenako mverani ya kwawo, makamaka "Szumią jodły", nyimbo ya Jontek mu opera ya Stanisław Moniuszko yotchedwa Halka, chifukwa m'chinenero chake mawu ake amafewa ndipo amayimba ngati munthu amene sakufuna kugometsa wina aliyense. Pomaliza mverani ya m'filimu, monga "Heute Nacht oder nie" kapena "Ninon". Mukatero mudzazindikira kuti sankachepetsa mawu ake poyimba nyimbo zopepuka. Ankaziyimba ndi mphamvu yomweyo imene ankayimbira Puccini, ndipo n'chimene chinkachititsa kuti nyimbo yachikondi wamba imveke ngati chinthu chachikulu.

Pomvera, tcherani khutu pa mmene amagwirira notsi yapamwamba. Amaisunga nthawi yaitali kuposa mmene wopeka nyimbo analembera, nthawi zina mpaka oyimba zida amachita kumudikira. Akatswiri ena a nthawi yake ankamudzudzula pa khalidwe limeneli, ndipo ine ndimaona kuti sankalakwitsa kwenikweni, pakuti pali nyimbo zachisoni zimene iye amaziyimba ngati wapambana mpikisano. Komabe chizolowezi chomwechi n'chimene chinkaimiritsa anthu m'mipando, ndipo simungamvetse mafilimu ake ngati simunachizolowere.

Pali vuto limodzi la zipangizo limene lingakupusitseni. Mbale za nthawi imeneyo zinkazungulira pafupifupi maulendo 78 pa mphindi imodzi, ndipo mbali imodzi inkatenga nyimbo ya mphindi zitatu kapena zinayi ndi theka basi, malinga ndi kukula kwa mbaleyo. Munthu wosamutsa nyimbo kuchoka pa mbale kupita pa kompyuta akayendetsa mbaleyo mofulumira pang'ono, mawu amakwera ndipo amamveka opyapyala ndi onjenjemera. Kufulumira ndi 6 peresenti yokha kumakweza nyimbo yonse ndi theka la sitepe, monga kuchoka pa B kufika pa C. Mafilimu nawonso ali ndi vuto lofanana nalo, chifukwa anajambulidwa pa liwiro la zithunzi 24 pa sekondi, pamene wailesi zakanema za ku Ulaya zinkaonetsa zithunzi 25, ndipo makope ambiri amene ali pa intaneti anachokera ku wailesi zoterezi kapena ku matepi ndi ma DVD a ku Ulaya, choncho amathamanga ndi pafupifupi 4 peresenti. Ngati muli ndi kiyibodi pafupi, mukhoza kuyesa nokha. Mu "Nessun dorma", notsi yapamwamba ya mawu omaliza ndi B, ndipo imatsikira pa A. Mukapeza kuti ikugwera pakati pa B ndi C, kapena pa C penipeni, dziwani kuti kope limenelo likuthamanga, ndipo funani lina musanaweruze mawu a munthuyo.

Mmene mungadziwire filimu imene mukuonera

Mafilimu okhala ndi mawu atangoyamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, makampani a ku Ulaya anakumana ndi vuto limene mafilimu opanda mawu analibe. Anthu a ku Paris sankafuna kumva Chijeremani, a ku London sankafuna Chifalansa, ndipo luso loika mawu a chinenero china pa milomo ya wosewera linali lisanakhwime. Njira imene anapeza inali yojambula chigawo chilichonse kangapo pa malo omwewo: gulu la Chijeremani likamaliza limachoka, la Chifalansa n'kulowa, kamera ndi magetsi zili pomwepo. Kiepura anali woyenerera bwino ntchito yotereyi chifukwa nyimbo sizifuna womasulira, ndipo popeza nthawi zambiri ankasewera ngati woyimba wachilendo, kalankhulidwe kake kachilendo sikankavutitsa aliyense. Iye ankakhalabe m'makope onse, koma omuzungulira ankasintha.

Chotero chizindikiro chodalirika kwambiri ndi mayina a ochita sewero anzake amene amalembedwa kumayambiriro kwa filimu. Mukaona dzina la Sonnie Hale, muli pa kope la Chingerezi. Mukaona Danielle Darrieux kapena Pierre Brasseur, ndi la Chifalansa. Mayina monga Paul Kemp, Theo Lingen, Fritz Schulz ndi Jenny Jugo akusonyeza la Chijeremani. Musadalire mutu umene munthu woika filimuyo pa intaneti walemba, chifukwa anthu a ku Poland amalemba mitu ya Chipolishi monga Pieśń nocy, Dla ciebie śpiewam kapena Kocham wszystkie kobiety pa mafilimu amene mkati mwake akulankhula Chijeremani. Mafilimu ake onse otchuka anajambulidwa kunja kwa Poland, ngakhale kuti nyimbo zina za m'mafilimuwo anazijambulanso m'Chipolishi. Ndi bwino kukhala ndi kope lolembamo, tsamba limodzi pa nkhani imodzi, n'kulembapo chaka, wotsogolera filimu, mitu yonse ndi nyimbo yake yaikulu.

Pofufuza, kumbukiraninso kuti Chipolishi chimasintha mathero a mayina, choncho mudzakumana ndi Jana Kiepury, Kiepurze ndi Kiepurą, ndipo onsewo ndi munthu mmodzi, amene dzina lake limatchulidwa ngati Yan Kyepura. Dzina la mkazi wake limalembedwa Marta, Martha kapena Márta Eggerth. Chenjerani ndi dzina la Władysław Ladis, lomwe nthawi zina limalembedwa Ladis Kiepura. Ameneyu anali mng'ono wake, nayenso tenala, amene anayimba ku Hamburg m'zaka za m'ma 1930, ndipo nyimbo za awiriwa zimatha kusakanizidwa.

Kuonera motsata zaka

Filimu yoyamba ndi Die singende Stadt ya 1930, imene anatsogolera Carmine Gallone, ndipo Kiepura akusewera ngati mnyamata wa ku Naples woperekeza alendo, pamene Brigitte Helm ndi mayi wolemera amene akufuna kumutengera kwawo kuti akatchuke. Kope lake la Chingerezi ndi City of Song. Ionereni ngati mwaipeza, koma musayambire pamenepa ngati muli ndi nthawi yochepa, chifukwa zipangizo zojambulira mawu zinali zikadali zatsopano ndipo iye mwini akuoneka womangika pamaso pa kamera.

Poyambira pabwino ndi Das Lied einer Nacht ya 1932, yotsogoleredwa ndi Anatole Litvak, imene m'Chifalansa ndi La chanson d'une nuit, m'Chingerezi Tell Me Tonight, ndipo ku America inkadziwika kuti Be Mine Tonight. Nkhani yake ndi ya tenala wotchuka amene watopa ndi maulendo oyimba ndiponso ndi woyendetsa ntchito zake womulamulira, choncho akuthawira ku tawuni ina ya ku Switzerland. Munthu wina wachinyengo amene anakumana naye panjira akuyamba kudziwika ndi dzina la woyimbayo, pamene woyimba weniweni akukhala ngati munthu wamba n'kukondana ndi mtsikana wa m'tawuniyo, amene akuseweredwa ndi Magda Schneider, mayi ake a Romy Schneider. Zinthu zikasokonekera, umboni wokhawo umene ali nawo wosonyeza kuti iye ndi ndani ndi mawu ake, ndipo akuyenera kuyimba kuti amukhulupirire. Onetsetsani bwino chigawo chimenechi, chifukwa ndi chimene chili pansi pa mafilimu ake onse: munthu amene sakudziwika kapena sakukhulupiriridwa amatsegula pakamwa, ndipo nkhope za omuzungulira zimasintha. Litvak amachotsa kamera pa woyimba n'kuiloza pa omvera, ndipo woonera amayamba kumva nyimboyo kudzera m'maso mwa anthu amenewo. Nyimbo yaikulu ya filimuyi, "Heute Nacht oder nie", anaipeka Mischa Spoliansky. Ngati mungathe kupeza makope awiri a filimu imodzi kuti muwayerekezere, sankhani imeneyi, ndipo muone mmene Fritz Schulz, Pierre Brasseur ndi Sonnie Hale akuseweretsera mbali imodzimodzi ya wachinyengo uja, aliyense mogwirizana ndi nthabwala za kwawo.

Mu 1933 kunatuluka Ein Lied für dich ya Joe May, mmene muli nyimbo ya "Ninon", yopekedwa ndi Bronisław Kaper, yemwenso anali wa ku Poland, pamodzi ndi Walter Jurmann. Kope la Chifalansa ndi Tout pour l'amour, ndipo pa ntchito yake panali Henri-Georges Clouzot akadali wachinyamata. La Chingerezi, My Song for You, linajambulidwa ku Britain chaka chotsatira motsogoleredwa ndi Maurice Elvey.

Pa Mein Herz ruft nach dir ya 1934 m'pofunika kukhalapo nthawi yaitali, chifukwa ndi filimu imene Kiepura anasewera koyamba ndi Marta Eggerth, woyimba wobadwira ku Budapest mu 1912, amene anadzakhala mkazi wake. Gallone ndiye anatsogoleranso, ndipo nyimbo anapeka Robert Stolz. Nkhaniyo ndi ya kagulu ka oyimba opera kopanda ndalama kamene kafika ku Monte Carlo n'kupeza kuti nyumba ya opera yakumeneko sikukafuna. M'malo mobwerera, akuyala nsanja yawo panja pa bwalo ndi kuyimba Tosca, ndipo anthu akukhamukira kwa iwo. Chigawo chimenechi chionereni kawiri. Ulendo woyamba mverani nyimbo, ndipo wachiwiri yang'anani khamu la anthu, chifukwa zimene zikuoneka pamenepo si za m'filimu zokha. Kiepura ankadziwika ndi khalidwe loyimbira anthu mumsewu akatuluka m'holo, ataima pa khonde la hotelo kapena pamwamba pa galimoto, kuti amene analibe ndalama ya tikiti amveko, ndipo anthu a kwawo mpaka lero amamutchula kuti mnyamata wa ku Sosnowiec. Wina anganene kuti imeneyi inali njira yodzitsatsira, ndipo n'zoona kuti ankadziwa bwino kudzitchukitsa, koma amene analibe tikiti ankamumvabe. M'kope la Chingerezi, My Heart Is Calling, Eggerth alimo, pamene m'la Chifalansa, Mon cœur t'appelle, mbali yake anatenga Danielle Darrieux, choncho amene akufuna kuona awiriwa pamodzi asasankhe la Chifalansa.

Ich liebe alle Frauen ya 1935, yotsogoleredwa ndi Carl Lamac, ndi yoseketsa kuposa zonse, ndipo ndi imene ikusonyeza bwino kuti anali ataphunzira kumasuka pamaso pa kamera. Akusewera anthu awiri ofanana nkhope, wina tenala wotchuka, wina wogulitsa m'sitolo ya zakudya, ndipo pamapeto awiriwo akuyimbira limodzi pa chithunzi chimodzi, zimene pa nthawiyo zinkafuna luso lalikulu lojambula. Nyimbo ya Stolz ya m'filimuyi, "Ob blond, ob braun", ndi imene anthu a ku Poland amaidziwa kuti "Brunetki, blondynki", ndipo ndi nyimbo imene dzina lake limakumbukiridwa nayo kwambiri kwawo. Kope la Chifalansa ndi J'aime toutes les femmes.

Ulendo wake wa ku Hollywood sufuna mawu ambiri. Give Us This Night ya 1936, yopangidwa ndi kampani ya Paramount, inamuika pamodzi ndi Gladys Swarthout, nyimbo zake zinali za Korngold, mawu a nyimbozo analemba Oscar Hammerstein II, ndipo iye ankasewera ngati msodzi wa ku Italy. Sinayende bwino pa malonda, ndipo sanapangenso filimu ina ku America. Ndi yofunika kwa okonda nyimbo za Korngold kuposa kwa amene akufuna kudziwa Kiepura. Chaka chomwecho anajambula ku Vienna filimu ya Opernring, yotchedwanso Im Sonnenschein, mmene ndi dalaivala wa takisi amene akutulukiridwa kuti ali ndi mawu.

Pa 31 Okutobala 1936 anakwatirana ndi Marta Eggerth mumzinda wa Katowice, pafupi ndi kwawo, ndipo mu 1937 anatulutsa Zauber der Bohème, yotsogoleredwa ndi Géza von Bolváry. Imeneyi ndi filimu imene ndimaiika pamwamba pa zonse za awiriwa. Ndi nkhani ya oyimba awiri osauka a ku Paris amene moyo wawo ukuyenda ngati wa Rodolfo ndi Mimì mu La bohème ya Puccini, mpaka mtsikanayo, amene akudwala chifuwa, akumwalira pa nsanja akuyimba imfa ya Mimì. Musanaionere, werengani mwachidule nkhani ya opera imeneyi ndi kumvera nyimbo ya Rodolfo yotchedwa "Che gelida manina", chifukwa filimuyo imadalira kuti woonera adziwiretu kumene zinthu zikulowera. Mudzaonanso kuti pochita sewero Eggerth anali waluso kuposa mwamuna wake, ndipo akakhala naye pafupi, Kiepura amachepetsa kudzionetsa n'kuyamba kumvetsera mnzake.

Ikani zaka za mafilimu pambali pa zaka za ndale

M'kope lanu lija, tsegulani danga lina lolembamo kumene anthu opanga mafilimuwo anapita. Chipani cha Nazi, chimene chinkazunza Ayuda, chinatenga ulamuliro ku Germany mu Januwale 1933, ndipo ambiri mwa amene anapanga mafilimu oyambirira a Kiepura anachoka. Spoliansky anasamukira ku London. Kaper ndi Jurmann anadzera ku Paris n'kukafika ku Hollywood, kumene Kaper anadzapata mphoto ya Oscar chifukwa cha nyimbo za filimu ya Lili. Joe May ndi Litvak nawonso anakathera ku Hollywood. Otto Wallburg, wanthabwala amene akuoneka mu Das Lied einer Nacht, anaphedwa ku msasa wachibalo wa a Nazi wa Auschwitz mu 1944. Kiepura anapitiriza kugwira ntchito ku Berlin kwa zaka zingapo ulamulirowo utayamba, kenako mafilimu ake anasamukira ku Vienna, ndipo Germany italanda Austria mu Malichi 1938, khomo limenelonso linatsekeka kwa banja limene mwamuna ndi mkazi omwe anali ndi mayi ochokera m'mabanja achiyuda. Mukalemba zimenezi pambali pa mitu ya mafilimu, mudzaona chifukwa chake mndandanda umene unkayenda chaka ndi chaka kuyambira 1930 ukuduka mwadzidzidzi pambuyo pa 1937.

Pa nthawi yomweyo ntchito yake ya opera inali itafika ku New York. Pa 10 Febuluwale 1938 anayimba koyamba ku Metropolitan Opera ngati Rodolfo mu La bohème, ndipo anayimbanso kumeneko mu Carmen ndi Rigoletto. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itabuka mu Seputembala 1939, banjali linakhazikika ku America, kumene iye ankachita makonsati othandiza anthu a ku Poland ovutika ndi nkhondo, ndipo Eggerth anasewera ndi Judy Garland m'mafilimu awiri a kampani ya MGM. Mu Ogasiti 1943 awiriwa anatsegula The Merry Widow ya Franz Lehár pa Broadway, dera la nyumba za zisudzo ku New York, Robert Stolz akutsogolera oyimba zida ndipo George Balanchine atakonza magule. Inaonetsedwa maulendo oposa 300, ndipo anapitiriza kuiyimba m'mayiko osiyanasiyana kwa zaka zambiri. Mu 1945 anachitanso pa Broadway sewero loyimba lotchedwa Polonaise, lokhala ndi nyimbo za Chopin zokonzedwa ndi Kaper. Zaka zimenezi sizinasiye filimu ya Kiepura, choncho wofuna kuzidziwa ayenera kudalira nyimbo zojambulidwa ndi zithunzi.

Mafilimu a pambuyo pa nkhondo ndi atatu: Addio Mimì ya Gallone, yodziwikanso kuti Her Wonderful Lie, imene ikubwereza nkhani ya Zauber der Bohème, Valse brillante ya 1949, ya Chifalansa, yotsogoleredwa ndi Jean Boyer, ndi Das Land des Lächelns ya 1952, yochokera pa sewero loyimba la Lehár. Aonereni pomaliza, ndipo musawayerekezere mwankhanza ndi a m'ma 1930. Mu 1952 iye anali ndi zaka 50, mawu ake anali atalemera ndi kuderako, ndipo mtundu wa filimu umene unamutchukitsa unali utayamba kutha nthawi.

Malo amene akusunga dzina lake

Amene angakhale ndi mwayi wofika ku Poland, kapena amene akufuna kufufuza zithunzi ndi nkhani zina, ayambire pa malo atatu. Ku Sosnowiec kuli chipilala chake pakati pa mzinda. Ku Krynica, tawuni ya m'mapiri yodziwika ndi akasupe a madzi ochiritsa, kuli hotelo ya Patria imene anamanga ndi ndalama zake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, yojambulidwa mapulani ndi Bohdan Pniewski. Mu 1937 hoteloyi inalandira Juliana, mwana wamkazi wa mfumukazi ya Netherlands, ndi mwamuna wake Bernhard atangokwatirana kumene, ndipo nkhondo itatha boma lachikomyunizimu linaitenga. Kiepura anabwereranso kwawo mu 1958 patapita zaka pafupifupi 20, ndipo anthu anamulandira mwaunyinji monga kale.

Anamwalira ndi matenda a mtima pa 15 Ogasiti 1966 ku Harrison, m'chigawo cha New York, ali ndi zaka 64. Thupi lake linatengedwa kupita ku Warsaw ndipo linaikidwa m'manda a Powązki, amene ndi malo achitatu oyenera kuwafika. Kuyambira 1967 ku Krynica kumachitika chikondwerero cha nyimbo chotchedwa ndi dzina lake, ndipo pochifufuza pa intaneti lembani kuti Festiwal im. Jana Kiepury. Marta Eggerth anakhala ndi moyo mpaka pa 26 Disembala 2013, pamene anamwalira ali ndi zaka 101, ndipo anapitiriza kuyimba pagulu ngakhale atapitirira zaka 90. Pa zaka zake zaukalamba anacheza ndi atolankhani ambiri m'Chingerezi ndi m'Chijeremani, ndipo macheza amenewo ndi oyenera kuwafunafuna mukamaliza mafilimu, chifukwa ndi iye amene analipo pa malo ojambulira Mein Herz ruft nach dir ndi Zauber der Bohème. Pofufuza machezawo, yesani malembedwe onse atatu a dzina lake loyamba, popeza m'macheza ambiri a Chijeremani dzinali linalembedwa kuti Martha.